Copperband m'thanki ya malita 200: yambani mwaganizira za kudya

Achimwene, mwafunsa ngati Copperband ingakhale bwino m'thanki yanu ya madzi amchere ya malita 200, kuti ikuthereni Aiptasia (kanyama ka m'nyanja kooneka ngati duwa, kofalikira ngati udzu) amene wadzaza pamiyala. Musagule kaye. Nsomba imeneyi, Chelmon rostratus, imakula mpaka masentimita 20 ndipo imaswera kutosatosa m'ming'alu ya miyala. Imafuna malita 300 kupita m'tsogolo, miyala yamoyo (miyala ya m'nyanja yokhala ndi tizamoyo) yambiri, komanso thanki yoti yakhazikika kwa miyezi 6 kapena kuposerapo.

Komabe chimene chimapha Copperband zambiri ndi njala. Kunyanja imasolola tinyongolotsi ndi tizilombo tina ndi mlomo wake wautali uja, ndiye chakudya chouma cha m'kabotolo sichizindikira n'komwe kuti n'chodya. Pogula, muuzeni wogulitsa aidyetse inu mukuona. Ikangoyang'ana, kapena kutola n'kulavula, isiyeni. Onaninso kumsana, pamwamba pa maso: pakakhala popanika, nsombayo yaonda kale ndipo kawirikawiri siibwereranso. Mlomo wofiira kapena wosupuka nawo ndi woopsa, chifukwa ikavulala pamenepo imaleka kudya.

Mukafika nayo, ikhale payokha milungu 4 m'kathanki ka malita 80 mpaka 100, momwe muli zidutswa za paipi zobisalamo. Apa ndi pophunzitsira kudya popanda woilanda. Yambani ndi nyongolotsi zamoyo zotchedwa blackworm, koma muziponya pang'onopang'ono poti m'madzi amchere sizichedwa kufa. China chimene siikana kawirikawiri ndi clam (nkhono ya zigoba ziwiri) yaiwisi yotsegula pakati, yoikidwa pansi ndi chigoba chake. Ikayamba kujompha, kanikizani mysis (tinyama ting'onoting'ono tonga shrimp) wa mufiriji m'chigoba chomwecho kuti izolowere kukoma kwake. Idyetseni katatu patsiku, ndipo chotsani zotsala pakatha mphindi 20 zisanaononge madzi. M'thanki yaikulu, ma tang ndi nsomba zina zaliwiro zimamaliza zonse iyo ikadali kuyang'anitsitsa. Boolani kapaipi timabowo ting'onoting'ono n'kuikamo chakudya, kuti mlomo wautali wokha ndiwo uzifikamo.

Za madzi sizovuta: mchere pa 1.023 mpaka 1.025 pa choyezera mchere (specific gravity), kutentha madigiri 24 mpaka 27, pH 8.1 mpaka 8.4, ammonia ndi nitrite (poizoni wochokera ku zonyansa za nsomba) pa 0, nitrate osapitirira 20 ppm. Sinthani gawo limodzi mwa magawo 10 mlungu uliwonse. Madzi akaphwera, onjezerani a RO (osefedwa ndi makina a reverse osmosis) opanda mchere, pakuti mchere suuluka ndi nthunzi.

Timadontho toyera ngati mchere pathupi ndi chizindikiro cha tizilombo toyambitsa matenda totchedwa Cryptocaryon. Mankhwala a kopa amagwira ntchito, koma m'kathanki kapadera basi, mukuyeza mlingo wake tsiku ndi tsiku, chifukwa amapha ma coral (tinyama tomanga matanthwe a m'nyanja), nkhono ndi ma shrimp, komanso amachepetsa chilakolako cha kudya. N'chifukwa chake, ngati nsomba siikudwala, ndi bwino iyambe yadya kaye musanaipatse mankhwalawa. Kudzikhula pamiyala ndi kugwedeza mutu kawirikawiri ndi chizindikiro cha ma fluke (tinyongolotsi tokakamira pakhungu la nsomba), ndipo mankhwala ake ndi praziquantel. Tizotupa toyera m'mphepete mwa zipsepse ndi Lymphocystis, matenda a vairasi. Musathamangire mankhwala, timatha tokha madzi ndi chakudya zikakhala bwino.

Tsono za Aiptasia wanuyo. Si Copperband iliyonse imene imamudya, pomwe ma feather duster (nyongolotsi za m'nyanja za mitu yonga nthenga) imawamaliza ndithu, ndipo ina imajompha ma clam ndi ma coral aminofu. M'malita 200, ma peppermint shrimp kapena Berghia (tinkhono topanda chigoba todya Aiptasia) ndiwo oyenera ntchitoyi.

Mukadzakulitsa thanki n'kufuna nsomba zina za banja la Copperband, Chaetodon kleinii ndi Chaetodon auriga n'zopirira ndipo sizivuta kudya, kungoti ma coral siziwasiya. Chaetodon ornatissimus ndi Chaetodon trifasciatus musazikhudze ngakhale zikongole bwanji: zimadya ma coral amoyo basi, ndipo m'thanki zimangofa ndi njala. Copperband ikhale imodzi yokha, ziwiri zimamenyana.