Uthenga wa maliro usayambire pa Status

Mayi wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo yomwe singayankhike ndi mizere iwiri. Achimwene awo anamwalira kuchipatala usiku, ndipo kusanache mwana wa mng'ono wawo anali ataika kale chithunzi cha malemuwo pa Status ya WhatsApp, pansi atalemba RIP ndi tinkhope tolira. Mayi awo okalamba kumudzi anamva kwa mtsikana wa nyumba yoyandikana nayo amene anabwera kudzapepesa, iwo akusesa pabwalo. Akufunsa kuti, poti iwo ndi admin wa gulu la WhatsApp la banja, achite chiyani kuti zotere zisadzachitikenso, nanga mnyamatayo amudzudzule kapena angomusiya?

Amayi, pepani kwambiri ndi zovutazi. Mnyamatayo alankhulidwe ndithu, koma musamutenge ngati woipa mtima. Anachita zomwe amaona akuluakulu akuchita tsiku ndi tsiku, ndipo ndikukayika ngati alipo amene anamukhazikapo pansi n'kumuuza kuti uthenga wa maliro uli ndi njira yake yoyendera.

Kumudzi munthu akatsirizika, amene ali m'nyumbamo sayamba kulira mokweza nthawi yomweyo. Amayamba adziwitsa mwini mbumba, kawirikawiri malume, ndipo iyeyo ndiye amapita kapena kutuma munthu kwa nyakwawa. Mfumu ikamva, m'pamene kulira kumamveka, adzukulu n'kuuzidwa, masamba n'kuikidwa pamsewu. M'midzi yambiri kulira maliro mfumu isanadziwe ndi mlandu. Wotumidwa kwa kholo la malemu nayenso sasankhidwa mwachisawawa. Amakhala munthu wamkulu wodziwa kulankhula, ndipo sapita yekha. Akafika sanenera pakhomo ali chiimire. Amakhala pansi, kulonjerana kuthe, aonetsetse kuti pafupi pali mayi wina woti agwire wolirayo. Nthawi zina amangoti matenda akula, tiyeni mukaone, kuti munthu ayende ulendowo mtima ukukonzeka pang'onopang'ono. Achinyamata ena amati kumeneko n'kunamiza munthu. Ine ndimati n'kudziwa kuti gogo wa BP ndi shuga akamva mwadzidzidzi ali yekha, maliro atha kukhala awiri.

Wailesi itabwera sinasokoneze dongosolo limeneli. Mauthenga achisoni a pa MBC ankafika kutali, kwa achibale ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Kasungu ndi ya tiyi ku Thyolo, koma kuti uthenga uwerengedwe pankafunika munthu wa m'banja akaupereke, atchule mudzi, mfumu yaikulu, boma ndi tsiku loika maliro. Pofika pamenepo a pafupi onse amakhala atamva kale. Foni ya intaneti yapatsa aliyense wailesi yakeyake m'thumba, ndipo palibe womufunsa kuti wakutuma ndani.

Taonani mmene Status imayendera. Imaonekera kwa aliyense amene muli ndi nambala yake, iyenso ali ndi yanu, ndipo imakhala maola 24. Mnyamata wa ku koleji ali ndi manambala mazanamazana: anzake a ku sukulu, a kwaya, wa kabaza amene amamunyamula, wa pa shopu ya Airtel Money kumudzi. Mwa onsewo m'modzi yekha akajambula screenshot n'kuponya m'gulu la mpingo, zatha. Ngakhale mwini wake afufute patapita mphindi zisanu, chithunzicho chili kale m'mafoni amene iye sawadziwa n'komwe. Agogo alibe foni, inde, koma amakhala pakati pa anthu amene ali nazo, ndipo kumudzi munthu akamva za maliro sakhala pansi, amanyamuka kukapepesa. Mtsikana uja sanalakwe chilichonse. Iye ankadziwa kuti nkhani ikafika pagulu ndiye kuti eni ake anamva kale, chifukwa ndi mmene zinkakhalira kuyambira kale.

Pali chinanso chimene ndikuganiza kuti chinatisokoneza monga dziko. Bingu wa Mutharika anamwalira pa 5 April 2012, boma n'kudzalengeza pa 7 April. Pakati apo nkhani inali itafalikira kale pa intaneti ndi m'mafoni, kwinaku nduna zisanu ndi imodzi zikuchititsa msonkhano wa atolankhani usiku osatchula za imfayo. Pamenepo intaneti inatithandiza, chifukwa ochedwetsa uthengawo ankalimbirana mpando. Koma ambiri anatolapo phunziro lolakwika, lakuti aliyense wochedwetsa uthenga wa imfa akubisa kanthu, ndipo woyamba kuulula ndiye dolo. Banja lomwe likudikira maola atatu kuti munthu akafike kwa mayi wokalamba silikubisa kanthu. Likuchita ntchito yake.

Ndipo apa ndinene mosapsatira: ambiri mwa oika RIP mwachangu salira ayi, amafuna kuoneka kuti iwo ndi amene amamva zinthu poyamba. Muwaone pa ngozi za pamsewu wa M1. Minibasi ikagubuduka, ofika poyamba ena amatulutsa ovulala, ena amatulutsa foni. Vidiyo imayamba ndi nambala ya galimoto, n'kutsetserekera kwa anthu ogona m'mbali mwa msewu atafunditsidwa zitenje. Nkhope saziona, koma mayi amene anagula yekha nsapato imene yatulukira pansi pa chitenjecho aidziwa. Pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023, zithunzi za anthu ovuulidwa m'matope ku Chilobwe zinazungulira m'magulu pomwe achibale ena anali akufunafunabe anthu awo. Ndege ya asilikali itagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 June 2024 n'kupha Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena 8, zithunzi za pamalo a ngoziyo zinafalikiranso chimodzimodzi. Ngati munthu wa udindo wotero sanalemekezedwe, mlimi wa ku Ntcheu angayembekezere chiyani? Wotumiza aliyense amati ine ndangolandira. Kulandira si mlandu, koma batani lotumizira mumadina nokha.

A WhatsApp anayesako kuchepetsa liwiro. Kuyambira 2019 uthenga ungatumizidwe kumalo asanu okha nthawi imodzi, ndipo kuyambira 2020 umene wayenda kale kwambiri, uja wa timivi tiwiri, umapita kumalo amodzi basi. Koma gulu limodzi limatha kukhala ndi anthu 1,024, ndiye malo amodziwo ndi mudzi wathunthu.

Kuthamangira kulengeza kumaitananso akuba. Chithunzi cha malemu chikangotuluka ndi nambala ya chipepeso pansi pake, wina amachikopera, kufufuta nambalayo, kuikapo yake, n'kuchiponya m'magulu ena. Ena amaimbira achibale a kutali akudzitcha dalaivala wa galimoto yonyamula thupi, ati mafuta atithera panjira, tumizani msanga. Munthu amene wangomva kumene za imfa ya mbale wake saganiza zofunsa mafunso, ndipo akubawo amadalira zimenezo.

Sindikuti tibwerere ku telegalamu. Magulu omwewa ndi amene amasonkhetsa ndalama zobweretsera thupi kuchokera ku Joni, ntchito imene banja limodzi silingaithe lokha. Kwa abale athu achisilamu ku Mangochi ndi ku Machinga, amene amaika maliro tsiku lomwelo kapena mawa lake, foni ndi imene imathandiza kuti mwana wa ku Blantyre afike nthawi ilipo. Voice note imafika kwa azakhali osadziwa kuwerenga. Chovuta n'chakuti tatenga chida chothandiza kuitana anthu ambiri n'kumachigwiritsa ntchito youza mayi kuti mwana wake wapita, ntchito imene imafuna munthu wokhala naye pamkeka.

Tsono inu a admin muchite izi

Nkhaniyi ikambidwe pa tsiku lopanda maliro, mitima ili m'malo. Mugwirizane kuti wolengeza imfa m'banja mwanu ndi m'modzi, mumutchule dzina, ndiponso womulowa m'malo akakhala kuti iye sakupezeka. Lembani mndandanda wa oyenera kumva poyamba: makolo, mkazi kapena mwamuna, ana, abale a bere limodzi, malume. Pa dzina la wokalamba aliyense lembani anthu awiri okhala naye pafupi, okhwima maganizo, ndi manambala awo. Awiri, chifukwa kumudzi foni imakhala ili kotchajitsa pa nthawi imene mukuifuna.

Imfa ikachitika, yambani ndi amene ali kuchipatala kapena m'nyumbamo. Auzeni pakamwa, aliyense payekha, kuti palibe woika kanthu mpaka wolengeza atalengeza. Apa ndi pamene nkhani zimathawira, ndipo palibe batani la admin limene lingatseke Status ya munthu wina. Kenako tsekani gulu: dinani dzina la gulu pamwamba, pitani pa Group permissions, zimitsani Send messages kuti olemba akhale ma admin okha. Dziwani kuti WhatsApp imaonetsa onse kuti gulu latsekedwa, ndipo anthu ayamba kuimbirana kufunsa kuti kwagwanji. Choncho musatseke n'kupita kukagona. Mukatseka, imbani nthawi yomweyo, ndipo kuimba kwenikweni, osati kulemba. Wa kumudzi mumuuze kuti akatenge mayi wina, akakhale pansi ndi agogo, akamaliza akuimbireni. Iye asanaimbe, gulu lisamve kanthu.

Uthenga wa pagulu ukhale umodzi: dzina lonse la malemu, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, tsiku limene amwalira, kumene kuli thupi, tsiku ndi malo oika ngati zadziwika, dzina la wolengeza. Matenda amene awatenga musatchule. Nambala ya chipepeso ikhale imodzi, ndipo mulembe dzina limene nambalayo inalembetsedwa, kuti wotumiza pa Airtel Money kapena Mpamba ayerekeze ndi dzina lomwe latuluka pa foni yake. Uthengawo muuchite pin kuti ukhale pamwamba masiku 7, muonjezere voice note yosapitirira mphindi imodzi yonena zomwezo. Chithunzi chikhale cha munthu ali moyo, chosankhidwa ndi mkazi wake kapena ana ake. Cha pabedi la kuchipatala, cha kumochale ndi cha m'bokosi, ayi. Wina akaika chotere, admin ali ndi mphamvu yofufutira onse uthenga wa munthu wina m'gulu, malinga asanadutse masiku awiri, ngakhale amene anajambula screenshot atsala nachobe.

Maliro akatha pamatsala zinthu ziwiri zimene mabanja ambiri amaiwala. Nambala ya malemu ichotsedwe m'gulu, chifukwa foniyo imagwera m'manja mwa wina, ndipo makampani a mafoni amadzagulitsanso manambala amene akhalitsa osagwira ntchito. Tsamba lawo la Facebook mungapemphe kuti lisandutsidwe lachikumbutso potumiza umboni wa imfa. Likatero pamwamba pa dzina pamalembedwa Remembering, ndipo Facebook imasiya kukumbutsa anthu tsiku lawo lobadwa. Mukapanda kutero, chaka chamawa anthu osadziwa adzakhala akulemba zowafunira moyo wautali, mkazi wamasiye akuwerenga.

Ena angakuuzeni za malamulo. Lilipo lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo limaletsa kuzunza ndi kunyoza anthu pa intaneti, koma limenelo si la mwana wa mng'ono wanu. Iyeyo musamudzudzulire pagulu, chifukwa angotuluka n'kukayambitsa gulu lina la achinyamata okhaokha, kumene inu simudzaona kanthu. Dikirani mwambo wonse uthe, amalume ake amuitane pambali, amufotokozere mmene agogo ake anamvera, osakuluwika. Kenako apite yekha kumudzi akapepese pamaso, osati pa foni. Ndipo poti zala zake n'zachangu, pa mndandanda uja mumulembe kuti ndiye wotaipa uthenga wa banja ndi kukonza chithunzi, koma azidikira kuti wolengeza amuuze kuti tsopano tumiza.