Zoyendetsa kompyuta ndi manja m'malere zinandionetsa zakuda

Achimwene, mwatokosa bala. Zomwe mukunenazi, zoti mouse ndi kiyibodi zitha posachedwa chifukwa cha timakina toona mmene manja akugwedezekera, ine ayi.

Kuntchito anatiikira kamakina kotero m'chipinda cha misonkhano. Mkulu amene anadzalumikiza ati ukangokupiza dzanja kumanzere, tsamba lisintha. Lafika tsiku loti ndifotokoze lipoti pamaso pa mabwana. Nanga munthu polankhula manja amakhala chete? Ndikuloza nambala pa sikilini, tsamba lathawa. Ndikuti ndilibweze, ladumpha awiri. Ntchentche yanditera pamphuno, ndaiingitsa, lipoti lonse latsekeka! Ndinaima pamenepo dzanja lili m'mwamba ngati wapolisi wapamsewu, thukuta lili kamukamu, makina ali duu. Kumbuyo ena akudzigwira pakamwa kuti asaseke. Bwana wamkulu anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi mouse palibe?" Panalibe. Mkulu uja anali ataichotsa, ati ndi zachikale.

Titamuimbira, ati vuto ndi ine, ndimagwedeza manja mopitirira muyezo. Tamupanikiza, ati ndi dzuwa la pazenera. Za dzuwazo sananame, timakina tambiri timeneti timaona pogwiritsa ntchito kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared, ndiye dzuwa likawomba ndi infrared yakeyo kamera imasokonezeka. Koma zeneralo sanalione pomwe ankalumikiza? Osanena bwanji? Ndalama anali atalandira kale, ndipo kuchokera apo foni sanayankhenso.

Si zachilendo izi. Kinect ya Microsoft, kamera yoseweretsa magemu pogwedeza thupi, inatuluka mu 2010, m'masiku 60 okha inagulidwa yokwana 8 miliyoni, anthu n'kumati tsogolo lafika. Pofika 2017 anasiya kuipanga. Google inaika Soli, karada kozindikira kugwedezeka kwa dzanja, mu foni yake ya Pixel 4 mu 2019 kuti uzisintha nyimbo pongokupiza dzanja, mu Pixel 5 munalibenso. Makina amavutika kusiyanitsa lamulo ndi munthu amene akungodzikanda. Kuwonjezera apo mkono umatopa. Tayesani kuutambasula kutsogolo kwa mphindi zochepa chabe, phewa likuuzani. N'chifukwa chake Apple Vision Pro ya 2024, kompyuta yovala kumaso, imatsata maso, iwe n'kungogundanitsa chala chachikulu ndi cholozera, dzanja lili pamwendo.

Komwe ndimavomera ndi kwa madokotala a opaleshoni, amene amafunika kuona zithunzi za wodwala popanda kukhudza chinthu chomwe chingakhale ndi majeremusi. Kumeneko zikumveka. Koma kulemba kalata kapena kuwerengera ndalama m'malere? Iwalani.

Komabe ngati mtima uli pomwepo, gulani, musaope. Zikamagwira zimakoma zedi, makamaka pamagemu, ndipo ine mwini nditapeza kamakina koona manja ka Leap Motion lero ndikhoza kukatenga. Kungoti mukayese m'chipinda chenichenicho chomwe muzigwiriramo ntchito, masana dzuwa likuswa mtengo, wogulitsayo ali pompo, musanamalize kulipira. Ndipo aliyense wokuuzani kuti mouse muchotse, muuzeni achotse yake.