Funsani Zapamsewu: tikufuna kukhala mu vaneti miyezi ingapo, agalu tiwatenge?

FUNSO: Achimwene moni. Ine ndi mayi akunyumba tapuma pa ntchito chaka chino, ana onse anakula aliyense ali pake. Tili ndi Hilux ya single cab, yakale ndithu koma injini ili bwino, ndipo pali mnyamata wowotcherera ku Kalingalinga amene wati atha kutimangira kanyumba kumbuyo kokhala ndi bedi, kasitovu ka gasi ndi thanki ya madzi. Maganizo athu ndi oti tizungulire dziko pang'onopang'ono, tiyambe kum'mawa tikaone abale ku Katete ndi ku Chipata, titsikire ku Mfuwe, kenako kumpoto mpakana Mpulungu, mwinanso tidzaoloke kupita ku Mchinji kwawo kwa mayi. Vuto ndi agalu athu awiri, wina wa zaka 9 wina wa zaka 2. Ana akuti tiwasiye ndi wolondera nyumba, maneba akuseka kuti galu sakwera galimoto, koma mayi anenetsa kuti popanda agaluwo iwo sanyamuka. Tikufuna kunyamuka mu October. Ndi zotheka?
Bambo a ku Chelstone

YANKHO: Bambo zikomo kwambiri, ndipo ine ndili mbali ya mayi. Galu wa zaka 9 amene wakhala nanu moyo wake wonse, kumusiya miyezi inayi isanu ndi munthu wongobwera kudzathira chakudya m'mbale n'kumapita, ena amasiya kudya n'kuyamba kuwonda. Atengeni. Koma mudziwiretu kuti mukawatenga, mwezi wonyamuka, ola loyenda ndi malo ogona zonse muzisankha poyang'ana agaluwo, ndipo October yo ndiye yoyamba kuchotsa pa pulani yanu.

October ndi mwezi wotentha kwambiri, ndipo kutentha kumene mumakudziwa ku Chelstone si kumene mukakupeze kuchigwa ayi. Lusaka ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, nde mukatsika mapiri a ku Rufunsa kufika pa Luangwa Bridge mudzamva mpweya wasinthiratu, ndipo ku Mfuwe mwezi umenewo kumafika madigiri 40 mpaka kupitirira. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amaziziritsa thupi potulutsa lilime n'kumapuma wefuwefu, tsono akakhala mu kanyumba ka malata kotsekeka mpweya umene akupumawo nawonso ndi wotentha, palibe chimene chikumuthandiza. Wamkuluyo ndi amene angayambe kugwa. Mukaona malovu akutuluka ambiri onanda, nkhama zafiira kwambiri, akudzandira kapena kusanza, imani pompo pamthunzi, mumuthire madzi ozizira bwinobwino pamimba, pakhosi ndi m'miyendo, osati a ayisi, mumupatse akumwa pang'onopang'ono, kenako mufunefune a vetenale ngakhale akuoneka ngati wachira.

Nde langizo langa dikirani mvula ithe, munyamuke mu May kapena June, muyende mpakana August. Usiku kumazizira zedi ku Serenje ndi ku Mpika miyezi imeneyo koma bulangete ndi lotchipa. Ngakhale nyengo yozizirayo muzinyamuka m'mawa kukangocha, pofika 11 koloko mwaima, ndipo maola awiri aliwonse atsike akodze amwe madzi. Usiku musayende, maka pa Great North Road pamene pamadzaza mathiraki opita ku Nakonde.

Tsopano za kanyumbako, muzikambirana ndi wowotcherera wanuyo asanadule chitsulo chilichonse. Single cab ili ndi malo a anthu awiri kapena atatu basi, kutanthauza kuti agalu azikhala kumbuyo pamene inu simukuwaona. Pakhale mawindo mbali zonse ziwiri otchingidwa ndi waya wolimba, kachibowo kotulutsa mpweya padenga kokhala ndi fani ya 12V, siling'i pansi pa malata kuti kutentha kusatsike kolunjika, denga lipentedwe loyera, ndipo ngati n'kotheka kawindo pakati pa cab ndi kanyumba kuti mayi azitha kusuzumira. Aliyense akhale ndi keji yake yomangidwa ndi mabauti pansi, chifukwa mukaponda mabuleki mwadzidzidzi galu womasuka amakamenyeka kukhoma kapena kugweredwa ndi silinda ya gasi. Kumangirira galu ndi chingwe pa vaneti yotsegula monga timaonera mu tauni muno, ameneyo akalumpha amadzipachika.

Kulemera nakonso anthu amakunyozera. Vaneti zamtundu umenewu zimanyamula pafupifupi tani imodzi, nambala yeniyeni ili pa kachitsulo ka fakitale ka galimoto yanuyo, muiwerenge. Mu tani imeneyo muli inu awiri, agalu, zitsulo ndi matabwa a kanyumba, matayala awiri a sipeya, gasi, batire ya sola, matumba a chakudya, ndi madzi, ndipo lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, thanki ya malita 100 ndi makilo 100 amenewo. Zolemera zonse zikhale pansi komanso kutsogolo kwa matayala akumbuyo. Kanyumba kakatalika kwambiri galimoto imapendama pamakona, ndipo kuchoka pa Luangwa kukwera ku Kacholola kulowera ku Nyimba makona ndi zitunda ndi zambiri. Mukafunsenso ku RTSA, bungwe la boma loona za magalimoto ndi chitetezo cha pamsewu, musanamange, kuti poyezetsa galimoto (fitness) musadzabwezedwe. Chinanso chimene ndikupemphani ndi mtima wonse, mbaula isalowe mu kanyumbamo ngakhale kuzizire bwanji, utsi wa makala wosaoneka uja umapha anthu ali mtulo ndipo agalu nawonso sungawasiye.

Za ku Mfuwe ndiye ndikukhumudwitsani pang'ono. M'ma national park a dziko lino ziweto sizilowa, pageti la South Luangwa adzakubwezani. Kunja kwa paki nakonso si kwa galu, chifukwa njovu, mvuu, afisi ndi anyalugwe amayenda momasuka m'malo ogona alendo a m'mbali mwa mtsinje, ndipo nyalugwe galu amamukonda kwambiri ngati ndiwo, nchifukwa chake malo ambiri kumeneko amakana agalu. Koma chimene chimandiopsa ine kuposa zilombozo ndi kashembe. Ntchentche imeneyi ndi yambiri m'chigwa cha Luangwa, imatsatira galimoto yoyenda ndipo imakopeka ndi zinthu zakuda ndi zabuluu, ikaluma galu imatha kumupatsa matenda a mtundu umodzi ndi kaodzera wa anthu. Galu amatentha thupi, kufooka, kutupa nkhope, maso kuchita mbuu ngati mwalowa mkaka, ndipo akachedwa kulandira mankhwala amafa m'milungu yochepa. Katemera wake kulibe. Poti muli ndi abale ku Chipata, asiyeni agalu kumeneko masiku awiri atatu, Mfuwe ndi makilomita pafupifupi 130 pa tara, mukaone nyama n'kubwerera. Masiku atatu mayi apirire.

Musananyamuke pitani nawo onse awiri kwa a vetenale, ngati mulibe wanu pa yunivesite ya Zambia (UNZA) pali sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel pa Great East Road pompo, ndi pafupi ndi kwanu. Wamkuluyo amuyeze mtima, mano ndi miyendo. Katemera wa chiwewe akhale watsopano ndipo kabuku kake kodindidwa kazikhala limodzi ndi mapepala a galimoto, chifukwa m'midzi agalu osabaya katemera ndi ambiri, ndipo nkhandwe nazonso zimatha kukhala ndi chiwewe. Wina wa inu akalumidwa ndi galu wosamudziwa, sambitsani bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 kenako kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati litupe. Za nkhupakupa mufunse mapilitsi otafuna aja, Bravecto imagwira milungu 12, NexGard mwezi umodzi, amapereka molingana ndi kulemera kwa galu, ndipo mugule okwanira ulendo wonse konkuno chifukwa m'maboma ang'onoang'ono simungawapeze mosavuta. Ngakhale amwe mapilitsi, madzulo aliwonse muziwasanthula m'makutu, m'khwapa ndi pakati pa zala. Galu akafooka, nkhama zayera, mkodzo wadera ngati tiyi, nthawi zambiri amakhala matenda a nkhupakupa ndipo safuna kuchedwa.

Mapepala ena ndi a ku ofesi ya zaziweto ya boma, mukawauze njira yanu yonse akupatseni pemiti yoyendera ndi ziweto, chifukwa pa marodibuloko ena monga pa Luangwa Bridge atha kukufunsani. Kupita ku Mchinji ndi nkhani ina. Boda ya Mwami ndi Mchinji inakhala ya one stop mu 2022, kutanthauza kuti mumaima malo amodzi, koma galu amafunikabe pemiti yolowera yochokera ku dipatimenti ya zaziweto ya ku Malawi, chikalata chosonyeza kuti ali ndi thanzi chosainidwa ndi dokotala wa boma wa kuno, ndi kabuku ka katemera, komanso pobwerera Zambia nayo idzafuna zake. Yambani kuyendera zimenezi mwezi wathunthu musanafike pa boda. Ngati ku Mchinji mukungokagona masiku ochepa, abale a ku Chipata aja akuthandizeninso.

Pogona m'midzi inu mukudziwa kale kuposa ine, mumayamba mwakalonjera a mfumu, kunena kuti ndinu ndani, mukuchokera kuti, ndipo munenenso kuti muli ndi agalu awiri. Wa zaka 2 uja sanaonepo mbuzi zikuyenda zokha kapena nkhuku ya anapiye, akagwira imodzi yokha mlandu wake udzakuonongerani ubale ndi mudzi wonse. Akhale pa chingwe chachitali nthawi zonse, usiku agone mkati. M'tchire muli misampha ya waya. Ndipo pa madzi ponse, kaya ndi Luangwa, kaya ndi nyanja ya Tanganyika ku Mpulungu, musawalole kukamwa kapena kusewera m'mphepete chifukwa cha ng'ona, tungani mu chidebe muwapatsire kutali. Mpulungu kuchoka ku Lusaka ndi makilomita opitirira 1,000 kudzera ku Kapiri Mposhi, Serenje, Mpika, Kasama ndi Mbala, ndipo mukatsika kuchoka ku Mbala kupita kunyanjako kumatenthanso, nde muikeko mu June kapena July.

Kanyumba kakatha musayambe ndi ulendo waukulu. Mawa ake muwakweze mpaka pa Chongwe n'kubwerera, sabata inayo mukagone usiku umodzi chakufupi monga ku Chisamba, muone amene akusanza, amene akulira, amene akukana kudya. Asadye kwambiri atatsala pang'ono kukwera, papite maola atatu. Ngati wamkuluyo pa maulendo ang'onoang'ono angapo akungonjenjemerabe osazolowera, pamenepo mayi avomereze kuti mwana wanu mmodzi amutenge kunyumba kwake, osati kumusiya yekha pa yadi. Za maneba osekawo musadandaule nazo.

FUNSO: Amuna anga amagwira ntchito yoyeza malo, amakhala kutchire milungu itatu inayi akugona mu kanopi ndi galu wathu. Chakudya cha m'thumba chikatha amamupatsa nsima ndi zotsala, ndipo tsiku lina atatsimphina anamupatsa Brufen. Zili bwino?
Mayi a ku Kabwata

YANKHO: Mayi, Brufen ayi ndithu, auzeni lero lomwe. Mankhwala amenewo amaboola m'mimba mwa galu ndi kuononga impso ngakhale piritsi likhale limodzi kwa galu wamng'ono, Panado nayenso musamupatse popanda dokotala. Apite kwa a vetenale awalembere mankhwala a ululu a galu oti aziyenda nawo, pamodzi ndi bandeji ndi mankhwala otsukira bala. Nsima payokha imangodzaza mimba, koma akasakaniza ndi kapenta wotsukidwa mchere, dzira lophika, kapena nyama yopanda mafupa, milungu ingapo galu akhala bwino. Zotsala zokhala ndi anyezi wambiri asamupatse chifukwa anyezi amaononga magazi a galu, mafupa ophika a nkhuku nawonso amathyoka mosongoka. Chakudya cha m'thumbacho azichisunga mu ndowa yotseka kuti chisachite nkhungu, ndipo akaona kuti chatsala pang'ono ayambe kusakaniza ndi nsimayo masiku angapo, kusintha kamodzin'kamodzi kumatsegula m'mimba. Madzi, galu wa makilo 25 amamwa lita imodzi ndi theka patsiku, kukatentha kuposa pamenepo, nde powerenga madzi a ulendo amuwerengere.

FUNSO: Tabwera kumene kuchokera ku Siavonga, galu ali ndi timatuza pamimba, pakati pake pali kabowo ndipo china chake chikuyenda mkati. Ndi chiyani?
Mnyamata wa ku Matero

YANKHO: Mphwanga, zimenezo ndi putsi. Ntchentche yake imaikira mazira pa mchenga kapena dothi la pamthunzi pamene panakodzedwa, kapena pa nsalu yonyowa, galu akagonapo timphutsi timalowa pakhungu n'kumakuliramo. Paka Vaseline wambiri pa kabowo kuti kasowe mpweya, pakapita kanthawi kamasuzumira, nde ufinye pang'onopang'ono m'mbali katuluke kathunthu osaphulika, kenako utsuke pabalapo. Ngati ndi tambiri, kapena pali mafinya, kapena tili pafupi ndi diso, pita naye kwa a vetenale. Bulangete lake ulichape, liume bwinobwino pa chingwe osati pansi, ulisite ndi ayironi yotentha, ndipo zovala zanu zimene munayanika kumeneko muzisitenso chifukwa putsi amalowanso anthu.