Alamu, za njanji za m'katoni zija

Alamu, ndamva funso lanu, lija loti njanji za sitima yoseweretsa zomwe mwagulira mwanayo ku Johannesburg zalembedwa mayina osiyana kunsi, Märklin, Tri-ang, Lima, Peco, ndiye kodi zingalumikizane? Zina inde, zina ayi. Tazikhuthulani pansi muzipatule kaye.

Za Märklin ikani pazokha. Amenewa ndi a ku Göppingen, ku Germany, anayamba mu 1859, ndipo mu 1891 ndi omwe anatulukira ndi njanji za zidutswazidutswa za muyeso umodzi, zoti munthu azilumikiza yekha. Koma anakakamira njira yawoyawo mpaka lero. Tayang'anani pakati pa njanjiyo, muona timitu tachitsulo titandandalika. Magetsi amalowera pamenepo n'kubwerera pa njanji zonse ziwiri za m'mbali, ndipo zakalezo ndi za AC. Enawo ndi DC, mavoti 12, njanji ina pulasi ina mainasi. Injini ya Märklin mukaikhazika pa njanji ya Peco ndi shoti pompo, chifukwa mawilo ake a uku ndi uku ndi olumikizana. Chimapusitsa anthu n'choti mpata wa njanji ndi womwewo, mamilimita 16.5.

Tsopano zotsalazo, nkhani yagona pa msinkhu wa chitsulo cha njanjicho. Amati code. Code 100 ndi mamilimita 2.5, code 75 ndi 1.9 basi.

Tri-ang inali ku Margate, ku England. Eni ake ndi omwe anagula Meccano, yopanga sitima zoseweretsa za Hornby Dublo, mu 1964, dzina n'kukhala Tri-ang Hornby. Njanji zawo zakale, za Super 4, n'zazitali kuposa code 100, ndiye mukakakamiza kulumikiza pamakhala chitunda, sitima n'kuphonyoka. Code 100 anayamba mu 1970. Komanso za Tri-ang zi n'zachitsulo, zimachita dzimbiri. Ankatero dala, eti, poti mainjini awo ena anali ndi maginito ogwira njanji kuti mawilo asamaterereke.

Lima ndi ya ku Vicenza, ku Italy, ndipo ku Joniko inafala kwambiri chifukwa inkapanga sitima za mtundu wa njanji za komweko. Inagwa, Hornby n'kuigula mu 2004. Mawilo a Lima yakale ali ndi milomo yaitali, moti pa code 75 amagunda timitengo topingasa tija, mumangomva gu gu gu.

Ine ndingati maziko akhale Peco, ya code 100. Anaiyambitsa Sydney Pritchard mu 1946, ndipo mpaka pano amapangira ku Beer, ku Devon. Njanji zawo za Streamline ndi za nickel silver, chitsulo chosakaniza mkuwa ndi zina, sizichita dzimbiri, ngakhale zitathimbirira magetsi amadutsabe. Yopindika ija, SL-100, imodzi ndi mamilimita 914.

Sitima ikamaima pamalo amodzimodzi, kawirikawiri ndi tizitsulo tolumikizira tija, takhwepa. Gulani tatsopano, SL-10, kapena finyani pang'ono ndi pulayala. Sandipepa ayi, chonde, amasiya mikwingwirima yomwe imasunga litsiro, ndipo pa zachitsulo zija amachotsa chokutira, dzimbiri n'kubwera msanga. Kansalu konyowetsa ndi sipiliti n'kokwanira. Pokhota, injini yaitali musaiike pa kona ya mamilimita 371, kuyeza kuchokera pakatikati pa bwalo kufika pa njanji, imafuna 438 kapena kuposa.

Musanalumikize ku magetsi, munditumizire chithunzi cha kunsi kwa injiniyo. Ngati pakati pali kachitsulo kakatali kokhula pansi, ndi ya Märklin imeneyo.