Musanalipire kontena ya zipangizo za chipatala, imbani kaye foni kwanu

Mayi wina amene ali ku Manchester wandilembera imelo. Gulu lawo la anthu ochokera boma limodzi lasonkha ndalama, chipatala china cha kumeneko chawalonjeza mabedi ndi makina akale, ena atolera mankhwala m'makomo, ndiye akufunsa njira yotumizira kontena ku chipatala chaching'ono cha kumudzi kwawo.

Mayi, ndikuyankhani, koma funso lanu lalumpha linzake. Ndani ku chipatalako anapempha zinthu zimenezi? Ngati yankho n'lakuti palibe, imani kaye.

Tiyambe ndi mankhwala, chifukwa apa pali lamulo. Mankhwala salowa m'dziko muno popanda chilolezo cha PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala, ngakhale akhale amphatso. Malangizo a WHO akuti mankhwala amphatso azifika atatsala ndi chaka chimodzi kapena kuposerapo asanathe mphamvu, ndipo amene anaperekedwapo kwa wodwala n'kubwezedwa asamatumizidwe. Choncho amene mwatolera m'makabati a anzanu aja kabwezeni ku famase ya komweko. Akafika kuno sagwira ntchito, adzangodzaza chipinda, ndipo kuwawononga kumafunanso ndalama zimene zikanagula mafuta a ambulansi.

Makina ndiye nkhani yaikulu. Mwayi wanu ndi woti magetsi a ku Britain ndi a kuno amafanana, 230V ndi pulagi ya mano atatu, pamene a ku America ndi 120V. Koma magetsiwo alipo? Zipatala zambiri zakumidzi zimadalira sola yongokwanira firiji ya katemera ndi mababu ochepa, ndipo zolumikizidwa ku ESCOM zimakhala maola ambiri mumdima. Makina opanga oxygen amadya mawati 300 mpaka 600 usana ndi usiku, sefa yake yakunja imafuna kutsukidwa sabata iliyonse, ndipo fumbi ndi chinyontho zikalowa mkati amangolira bwinobwino koma akutulutsa mpweya wopanda mphamvu. Kamakina koyezera shuga kamagwira ndi timapepala ta kampani yomweyo basi. Timapepala tikatha, ngati sitipezeka ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kamakinako katha ntchito. Bedi lokwezedwa ndi magetsi, mota yake ikafa, limasanduka chitsulo cholemera choti anthu anayi anyamule. Ku Unduna wa Zaumoyo kuli nthambi ya PAM yoona za zipangizo, koma amisiri ake sangakonze makina obwera opanda buku lake ndi sipeya.

Kontenayo payokha imadya ndalama. Imatsika ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, n'kuyenda pamsewu. Kuti MRA ikuchotsereni msonkho, makalata ayenera kutheka sitima isananyamuke. Mukayamba kuwathamangira katundu atafika, eni kontena amawerenga tsiku lililonse lochedwa m'madola.

Ndinene zowawa. Mphatso zambiri za zaumoyo timasankha poona zimene zimakongola pa chithunzi cha pa Facebook. Kontena imajambulika, nyumba yatsopano yokhala ndi chikwangwani cha dzina la gulu imajambulika, koma malita a dizilo sajambulika. N'chifukwa chake muli nyumba zomangidwa ndi anthu akufuna kwabwino zimene zangokhala zokhoma, chifukwa palibe anafunsa khonsolo ngati idzatumizeko namwino, ndipo palibe anamanga nyumba yogona namwinoyo kapena kukumba mjigo. Mzamba sangachiritse amayi popanda madzi, ndipo sangakhale kumudzi kopanda pogona. Kumanga chipatala popanda kudzera ku khonsolo ndi ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu ine ndimati n'kutaya ndalama, ngakhale mtima ukhale wabwino chotani.

Simunandiuzenso ngati chipatala chanucho ndi cha boma kapena cha mishoni, ndipo apa pali kusiyana. Zipatala za CHAM, bungwe la mipingo limene linayamba mu 1966, zimalipiritsa, ngakhale boma limalipira malipiro a antchito ake. Kuyambira 2006 pali mapangano oti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa ulere m'zina mwa zipatalazi boma n'kubweza ndalamazo, koma agogo a BP kapena bambo wothyoka mwendo amalipirabe. Kumalo otere, thumba lolipirira osauka mabilu limathandiza kuposa makina alionse. Ndipo chichokereni January 2025, pamene boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri lakunja, chimene chikusowa kwambiri ndi ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku. Thandizo lokhalitsa ndi limene boma lalowamo kuyambira pachiyambi. Chipatala Cha Pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach, ndipo lero chili m'manja mwa Unduna.

Nanga ndalamazo mutani nazo?

Imbirani in-charge wa chipatalacho, alembe zinthu zisanu zimene zimawavuta kwambiri, asainire pamodzi ndi wapampando wa komiti ya chipatala. Mndandandawo upite kwa a DHO, mkulu wa zaumoyo m'boma lanu, ndi kalata yanu, ayankhe polemba. Mudzadabwa, kawirikawiri pamatuluka mabatire a sola, pampu ya madzi, matiresi okutidwa ndi pulasitiki, makina a BP, matayala a ambulansi, denga la chidikiro cha amayi. Gulani konkuno, mutatenga makoteshoni atatu, ndipo lipirani wogulitsa mwachindunji, osati kudzera pa foni ya wachibale. Katundu alembedwe m'kaundula wa chipatala pamaso pa komiti ndi a mfumu. Gawo limodzi mwa magawo asanu lisungeni la kukonza ndi kugula zotha msanga. Ngati mukufuna kuti ntchitoyi ipitirire chaka ndi chaka, gwirizanani ndi bungwe lolembetsedwa ku NGORA, ofesi yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, ndipo kumeneko dutsani mu charity yolembetsedwa kuti Gift Aid, ndondomeko ya msonkho ya boma la Britain, iwonjezere 25p pa paundi iliyonse ya olipira msonkho.

Za mabediwo, afunseni ngati ali opukusa ndi dzanja. Ngati ndi otero ndipo a DHO awafuna, funani malo m'kontena ya bungwe limene limatumiza kale katundu ku Malawi, m'malo molipira yanuyanu.