Musawanyamule, asiyeni aimirire

Mayi wina wandilembera kuti amuna awo anachita sitiroko miyezi iwiri yapitayo, mwendo wakumanzere akungoukoka, ndipo akufunsa ngati adzayendanso. Mayi, uthenga wanu ndauwerenga katatu, chifukwa wandikumbutsa bambo anga.

Iwo anagwa m'mawa akupita kudimba. Atatuluka m'chipatala tinawayalira mphasa pakhonde, ndipo anakhala pomwepo miyezi inayi. Phala tinkawadyetsa, kuchimbudzi tinkawanyamula anthu awiri, akati adzuke amayi ankathamanga: "Gonani bambo, mugwa!" Achibale ankabwera ndi nkhuku, ena ndi mankhwala opaka, wina mpaka anati izi n'za anthu, tipite kwa sing'anga. Za mafizo, chithandizo cholimbitsa ziwalo zofooka, palibe anatchulapo. Tonse tinkawakonda, koma mwendo uja unauma, chidendene chinasiya kuponda pansi.

Mpaka lero zimandipweteka, ndipo ndinena mosabisa: kumuchitira chilichonse wodwala sitiroko n'kumupundula. Vuto silikhala m'mwendo. Mtsempha wa magazi umatsekeka kapena kuphulika mu ubongo, mbali yolamula mwendowo n'kuwonongeka. Mbali zina za ubongo zimatha kuphunzira ntchitoyo, koma zimaphunzira pobwerezabwereza, tsiku ndi tsiku. Kusintha kwakukulu kumachitika m'miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira. Ife miyezi imeneyo tinaithera pamphasa.

Za BP nazo ndisazisiye. Bambo anali atasiya mankhwala chifukwa mutu unaleka kuwawa. BP siichenjeza munthu, ndipo sitiroko imatha kubwereranso. Amuna anuwo asadumphitse mankhwala ngakhale akumva bwino, ndipo mchere m'ndiwo muchepetse.

Zoti muchite

Pitani nawo kwa a mafizo sabata ino. Ku Queens ndi ku Kamuzu Central aliko, ndipo ku Blantyre kulinso Kachere Rehabilitation Centre. Iwo akawayeza akuonetsani zochita kunyumba. Zambiri n'zosafuna ndalama: kuimirira kuchoka pampando wolimba n'kukhalanso, kuima atagwira tebulo akutsamira pang'onopang'ono mwendo wofookawo, kuyenda pakati pa mitengo iwiri ya bulugamu yokhomedwa pabwalo mofika m'chiuno. Inu muziima mbali yofookayo. Ndodo agwire ndi dzanja lamphamvu, avale nsapato zogwira chidendene osati patapata, ndipo musawadzutse powakoka mkono wofookawo, phewa limaguluka. Akamva chizungulire kapena kupweteka pachifuwa, apume muuze dokotala.

Ambiri amayendanso, Mayi, ena ndi ndodo. Bambo anga tinawayambitsa mochedwa, komabe patatha chaka anafika okha kutchalitchi, ali ndi ndodo kudzanja, amayi akubwera pambuyo manja ali okonzeka kuwagwira.