Kodi ndere zingamange thanthwe? Yankho kwa mphunzitsi wa ku Mangochi

Mphunzitsi wina wa sayansi ku Mangochi watilembera motere: "Ndikukonzera ana anga phunziro la gombe la Taoyuan ku Taiwan, kumene boma linaika lamulo loteteza miyala yachilendo yochokera ku ndere. Ndalemba kuti 'miyala ya ndere' ndi 'malo osungirako nyama zakutchire'. Mnzanga akuti zonse ziwiri zalakwika, akutinso ndizilemba 'ndele'. Akulondola ndani?"

Aphunzitsi, pa kalembedwe mwapambana ndinu. Lamulo lathu limati r amabwera pambuyo pa e ndi i, pamene l amatsatira a, o ndi u. N'chifukwa chake timalemba mbiri, mchere, ndere, koma mbale, khola, gule. Pakamwa aliyense amatchula mwakwawo, papepala ndi "ndere".

Pa zinazo mnzanuyo ali ndi mfundo. Mwana wa kunyanja akamva "miyala ya ndere" aganiza za miyala yoterera ya ku Cape Maclear, ija yokutidwa ndi ndere zobiriwira zimene mbuna zimapala ndi timano tawo. Pamenepo mwala ndi mwala, ndere n'chovala chabe. Za ku Taiwan n'zina. Ndere zake ndi zofiirira, zolimba ngati chigoba cha nkhono, chifukwa zimatenga laimu m'madzi n'kumuunjika m'thupi mwake. Zakale zikafa, zatsopano zimamera pamwamba, mpaka mulu wonse usanduka thanthwe. Ntchitoyi ndi ya kamba: pa zaka 10 thanthwelo silikwera n'komwe sentimita imodzi, ndipo la ku Taoyuan, lotambalala makilomita pafupifupi 27 m'mbali mwa gombe, lakhala likumangika kwa zaka zoposa 7,000.

Tsono ka "ya" kaja n'kamene kakusokeretsani. Timati "nyumba ya njerwa" komanso "nyumba ya mfumu", ndipo womva amasankha yekha tanthauzo malinga ndi zimene akudziwa kale. Ana anu akudziwa ndere zoterera zokha. Auzeni ndi mneni: "matanthwe omangidwa ndi ndere". Liwu loti thanthwe ndikulikonda kuposa mwala pano, poti mwala umanyamulika, thanthwe ayi. Mukalongosola kamodzi koyambirira, kutsogoloko mutha kufupikitsa kuti "matanthwe a ndere". Musawatche makorali, amenewo amamangidwa ndi tizilombo, osati zomera.

"Nyama zakutchire" ndiye ayi ndithu. Tchire lili kumtunda. Mukatero mwana aona njovu za ku Liwonde zikuyenda pagombe. Okhala m'mphako za matanthwewa ndi nkhanu, nkhono, tinsomba ndi mtundu wina wosowa wa korali, ndipo palibe Mchewa amene anatchapo nkhanu nyama yakutchire. Lembani "malo otetezedwa a zamoyo zam'nyanja". Ifenso tili nawo otere: paki ya Nyanja ya Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1980 makamaka chifukwa cha nsomba.

Mwina muona kuti ndachotsanso "kusunga". Si kulakwa kwenikweni, anthu amanena tsiku ndi tsiku. Koma timasunga chimanga m'nkhokwe, ndalama kubanki, chinthu choti tidzachitenge mawa. Kuteteza kumanena kuti pali mdani, ndipo nkhani yanuyi mdani alimo. Boma litalengeza chigawo china cha gombeli chotchedwa Guanxin kukhala malo otetezedwa mu 2014, chigawo choyandikana nacho cha Datan chinatsala kunja kwa malirewo, ndipo kampani ya boma ya CPC inakonza zomangapo doko lolandirira gasi wobwera pa sitima. Okonda chilengedwe anakana mpaka nkhani inafika pa riferendamu ya pa 18 Disembala 2021. Ofuna kuti dokolo lisamutsidwe anagonja, ngakhale boma linali litalikankhira kale chakumadzi, kutali pang'ono ndi gombe. Pofotokoza mkangano wotere, "kusunga" kukuchepa mphamvu.

Kena kamene simunafunse: poyamba penipeni lembani "nyanja yamchere". Kwa ana a ku Mangochi nyanja ndi ya madzi opanda mchere, ndipo mukapanda kutero ena adzapita ku Malembo Loweruka kukafunafuna ndere zofiira.